Fisi Adachita Kumutsekulira Khola

Mukafunsa wophunzira wa Fomu 4 kuti afotokoze chimene chidachititsa kuti Adolf Hitler atenge ulamuliro wa dziko la Germany, yankho limatuluka msanga ngati nyimbo yoloweza pamtima. Amatchula pangano la ku Versailles la 1919 limene lidasenzetsa dzikolo chipukutamisozi cholemera, amatchula kugwa mphamvu kwa ndalama m'chaka cha 1923, amatchula ulova umene udabuka pambuyo pa 1929, namaliza ndi mawu akuti Hitler adali wodziwa kulankhula. Zonsezi n'zoona, ndipo wochonga mayeso amapereka malikisi. Komabe ine ndikuti yankho lotere ndi loperewera, ndiponso limasocheretsa, pakuti mulibe munthu wolakwa m'menemo. Limamveka ngati ulamuliro wankhanza ndi dzombe kapena chilala, tsoka longogwa lokha popanda woliitana. Chikhalirecho pangano silisayina kalata yoika munthu paudindo, ndipo ulova suponya voti. Zimenezi amachita ndi anthu, ndipo anthuwo ali ndi mayina.

Mfundo yanga m'nkhani ino ndi imodzi. Ku Italy ndi ku Germany fisi sadathyole khola la demokalase. Adachita kumutsekulira eni khola, dzuwa likuswa mtengo, fisiyo atawatsimikizira kuti adzangodya mbuzi za mnansi wawo. Ku Italy mnansiyo adali mtsogoleri wa anthu apantchito. Ku Germany adali makamaka Myuda. Munthu wosamvetsa zimenezi sangathe kuteteza ufulu wake, ngakhale ataloweza masiku onse olembedwa m'buku la mbiri yakale.

Tiyambire ku Italy, kumene mawu akuti Fascism adabadwira. Kalekale mu ulamuliro wa Aroma, akuluakulu a boma ankayenda ndi anyamata onyamula mtolo wa ndodo womangidwa pamodzi ndi nkhwangwa, chizindikiro chakuti ali ndi mphamvu zokwapula ndi kupha. Mtolo umenewu ankautcha fasces. Benito Mussolini, amene adakhalapo mphunzitsi ndiponso mkonzi wa nyuzipepala, adayambitsa gulu lake mumzinda wa Milan mu Malichi 1919 natenga mtolowo kukhala chizindikiro chake. Chiphunzitso chake chidali chakuti mtundu wonse umangidwe ngati mtolo umodzi m'dzanja la mtsogoleri mmodzi, ndipo ndodo yokana kulowa mumtolo ithyoledwe. Anyamata ake ovala malaya akuda ankayendayenda m'midzi ndi m'matauni, kumenya atsogoleri a anthu apantchito, kutentha maofesi awo ndi kuwamwetsa mokakamiza mafuta otsekula m'mimba. Eni minda ikuluikulu ndi eni mafakitale ankawapatsa ndalama, apolisi n'kumayang'ana kumbali, chifukwa onsewo ankaopa chikomyunizimu.

Pachisankho cha 1921 gulu la Mussolini lidapeza mipando 35 yokha mwa mipando 535 ya m'nyumba ya malamulo. Mu Okutobala 1922 anyamata a malaya akuda adasonkhana kunja kwa mzinda wa Rome naopseza kuti aulanda. Asilikali a boma akadatha kuwabalalitsa, ndipo nduna yaikulu, Luigi Facta, idakonza chikalata chowalamula kutero. Mfumu Victor Emmanuel III idakana kusayina. M'malo mwake idaitana Mussolini, amene adali phee ku Milan, kuti adzakhale nduna yaikulu, ndipo iye adafika pa sitima yapamtunda ngati mlendo woitanidwa ku ukwati. Chaka chotsatira aphungu omwewo adavomereza lamulo lakuti chipani chotsogola pachisankho, chikangopeza voti imodzi mwa mavoti anayi aliwonse, chizitenga magawo awiri mwa atatu a mipando yonse. Phungu wina wolimba mtima, Giacomo Matteotti, adaimirira m'nyumba ya malamulo mu Meyi 1924 nadzudzula chinyengo ndi ziwawa za pachisankho. Patangopita masiku owerengeka adagwidwa pamsewu ndi kuphedwa. Mfumu idakhala chete, ndipo pofika kumapeto kwa 1926 zipani zina zonse zidali zitaletsedwa.

Za ku Germany ndi zophunzitsa koposa, chifukwa kumeneko malamulo oyendetsera dziko adali okoma kuwawerenga. Adavomerezedwa m'chaka cha 1919 mumzinda wa Weimar, ndipo amene adatsogolera kulemba kwake adali katswiri wa malamulo, Hugo Preuss, yemwe adali Myuda. Amuna ndi akazi omwe, kuyambira a zaka 20, adali ndi ufulu woponya voti, pamene ku France akazi adadikira mpaka 1944. Ufulu wolankhula, wosonkhana ndi wopembedza udalembedwa momveka bwino. Vuto lidali lakuti ambiri mwa anthu oyenera kusunga malamulowo, monga oweruza milandu, akuluakulu a asilikali ndi aphunzitsi a m'mayunivesite, mitima yawo idatsalira kwa mfumu yakale, ndipo demokalase ankaiona ngati chovala chobwereka chimene adzachivula tsiku lina.

Taonani zimene zidachitika mu Novembala 1923. Hitler ndi anthu ake adayesa kulanda boma ndi mfuti mumzinda wa Munich, ndipo apolisi anayi adafa. Umenewu udali mlandu woukira boma, komanso popeza Hitler adali nzika ya Austria, lamulo linkati athamangitsidwe m'dzikomo. Oweruza adamulola kusandutsa bwalo la milandu kukhala msonkhano wa ndale, adamugamula zaka zisanu zokha, adakana kumuthamangitsa, ndipo mu Disembala 1924 adatulutsidwa. Ali m'ndendemo adayamba kulemba buku lake lotchedwa Mein Kampf, m'mene adaulula poyera chidani chake pa Ayuda ndi pa demokalase. Palibe amene akadanena pambuyo pake kuti sadachenjezedwe.

Ngakhale zidali choncho, anthu sadamutsate msanga. Pachisankho cha 1928 chipani chake cha Nazi chidapeza mavoti osakwana 3 pa 100 aliwonse, ndi mipando 12 yokha. Chuma chitagwa, chipanicho chidakwera kufika pa mipando 107 m'chaka cha 1930, kenaka 230 mu Julayi 1932, chaka chimene anthu pafupifupi 6 miliyoni adali pa ulova. Apa ndi pamene yankho loloweza lija limathera, koma nkhani sidathere pamenepo. Pachisankho cha Novembala 1932 chipani cha Nazi chidataya mavoti 2 miliyoni, chidatsika kufika pa mipando 196, ndipo thumba lake lidali litauma. Anthu awiri mwa atatu aliwonse oponya voti adachikana. Pa zisankho zonse zaufulu zimene zidachitika m'dzikomo, Hitler sadapezepo theka la mavoti.

Nanga adalowa bwanji? Franz von Papen, amene adali atangotaya udindo wa Chancellor, kapena kuti mtsogoleri wa boma, ankafunitsitsa kubwereranso pafupi ndi mpando. Iye ndi anzake adanyengerera Pulezidenti Paul von Hindenburg, nkhalamba ya zaka 85, kuti aike Hitler paudindowo. Maganizo awo adali akuti adzamumanga chingwe m'khosi, popeza m'gulu lonse la nduna a Nazi adzakhala atatu okha. Pa 30 Januwale 1933 Hindenburg adavomera. Akuluakuluwa adaiwala kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Pa 27 Febuluwale nyumba ya malamulo idapsa ndi moto, ndipo m'mawa mwake Hindenburg adasayina lamulo loimitsa ufulu wolankhula, wosonkhana ndi wosamangidwa popanda mlandu. Pa 23 Malichi aphungu adafunsidwa kuti apereke kwa Hitler mphamvu zopanga malamulo popanda iwo. Aphungu 81 a chikomyunizimu adali m'ndende kapena kobisala. Aphungu 444 adavomera, kuphatikizapo a chipani cha Akatolika ndi a zipani zina zimene zinkadzitcha za demokalase. Okana adali 94 okha, onse a chipani cha Social Democratic, ndipo mtsogoleri wawo, Otto Wels, adalankhula motsutsa pamaso pa Hitler, anyamata a Nazi atazinga chipindacho. Pofika pa 14 Julayi chaka chomwecho, chipani chololedwa chidatsala chimodzi. Miyezi isanu ndi umodzi idali isadakwane.

Tsopano tifike pa mbuzi za mnansi zija. Ena amati chidani cha pa Ayuda chidali misala ya Hitler yekha, chinthu chapambali chimene ovota sadachilabadire. Kumeneku n'kudzinamiza. N'zoona kuti ambiri adavotera a Nazi chifukwa cha ulova kapena mantha a chikomyunizimu. Koma aliyense wa iwo ankadziwa chimene chipanicho chinkanena, pakuti chidalemba m'mfundo zake za 1920 kuti Myuda sangakhale nzika ya Germany. Wovotayo adaona kuti umenewo ndi mtengo wochepa, popeza woulipira adali wina. Demokalase idafera pamenepo, mumtima mwa wovota, lamulo ndi limodzi lomwe lisadasinthidwe. Pakuti demokalase imaima pa chikhulupiriro chakuti nzika iliyonse, yokondedwa ndi yosakondedwa yomwe, ili pansi pa denga limodzi la malamulo. Mukangovomera kuti wina atulutsidwe panja, mwavomeranso kuti pakhale munthu wokhala ndi mphamvu zosankha woti atuluke.

Chidanichi Hitler adachipeza chili chikhalire. Kwa zaka mazanamazana Akhristu ambiri a ku Ulaya ankaphunzitsidwa kuti Ayuda onse, a mibadwo yonse, ali ndi mlandu wa imfa ya Yesu, ngakhale kuti Yesu mwini, amayi ake ndi atumwi ake adali Ayuda. Msonkhano wa mpingo wa ku Lateran wa 1215 udalamula kuti Ayuda azivala mosiyana ndi ena. Adathamangitsidwa ku England m'chaka cha 1290 ndi ku Spain m'chaka cha 1492. Mliri waukulu utagwa mu 1348, adanamiziridwa kuti athira poizoni m'zitsime, ndipo mumzinda wa Strasbourg mazanamazana adatenthedwa amoyo mu 1349. Ife tikudziwa mmene zimakhalira pamudzi pakagwa maliro odzidzimutsa, anthu nayamba kusakasaka nkhalamba yoti ailoze chala. Mtima wake ndi womwewo. M'malo ambiri Ayuda ankaletsedwa kukhala ndi minda kapena kulowa m'magulu a amisiri, kotero ena adayamba malonda ndi kukongoza ndalama. Kenaka omwe adawatsekera njira zinazo adatembenuka n'kumawanena kuti ndi anthu okonda ndalama. Martin Luther naye adalemba buku laukali lonyoza Ayuda mu 1543, ndipo a Nazi adalifukula mokondwera. Mpingo wa Katolika udakana poyera chiphunzitso choimba Ayuda onse mlandu wa imfa ya Yesu m'chaka cha 1965, madzi atatayika kale.

M'zaka za m'ma 1800 chidanichi chidavula mkanjo wachipembedzo n'kuvala wa sayansi yabodza. Kale Myuda akabatizidwa ankatha kulandiridwa. Tsopano anthu adayamba kunena kuti vuto lili m'magazi, ndipo magazi sabatizika. Mu 1903 ku Russia kudatuluka chikalata chopeka chotchedwa Protocols of the Elders of Zion, chonena kuti Ayuda ali ndi chiwembu cholamulira dziko lonse lapansi. Nyuzipepala ya The Times ya ku London idaonetsa mu 1921 kuti mbali zambiri za chikalatacho zidakopedwa m'buku lina lachifalansa lonyoza mfumu Napoleon III, losakhudza Ayuda n'komwe. A Nazi adapitiriza kuchifalitsa osachita manyazi. Lero chikuyendabe pa intaneti, ndipo alipo anthu ophunzira amene amatumizirana zidutswa zake pa lamya za m'manja ngati nzeru zobisika.

Kodi Ayuda owopsawo adalipo angati? M'chaka cha 1933 ku Germany adalipo pafupifupi 500,000, osakwana munthu mmodzi pa anthu 100 aliwonse. Adali nzika zokhala ndi ufulu wonse kuyambira 1871. Pankhondo yoyamba ya padziko lonse Ayuda pafupifupi 100,000 adavala yunifolomu ya Germany, ndipo pafupifupi 12,000 adafera dzikolo. Komabe nkhondo itatha mu 1918, akuluakulu a asilikali, pofuna kubisa kuti adagonja pabwalo la nkhondo, adafalitsa bodza lakuti asilikali awo adabayidwa kumsana ndi anthu otsala kumudzi, ndipo posakhalitsa chala chidaloza andale a demokalase ndi Ayuda. Walther Rathenau, nduna yoona za ubale ndi mayiko akunja, yemwe adali Myuda, adawomberedwa mumzinda wa Berlin mu Juni 1922. Adani a demokalase ankatcha boma lonse la nthawiyo kuti boma la Ayuda. Motero bodza limodzi linkagwira ntchito ziwiri: munthu akaphunzira kudana ndi Myuda, ankaphunzira pomwepo kunyansidwa ndi nyumba ya malamulo, nyuzipepala zaufulu ndi mabwalo a milandu.

Hitler atalowa m'boma, zinthu zidayenda phazi ndi phazi. Pa 1 Epulo 1933 anyamata a Nazi adaima pamakomo a masitolo a Ayuda kuletsa anthu kugula. Pa 7 Epulo lidatuluka lamulo lochotsa Ayuda pantchito za boma, kuphatikizapo ya uphunzitsi. Anzawo amene ankamwa nawo tiyi m'chipinda cha aphunzitsi ambiri adakhala chete, ena nakwezedwa kulowa m'malo osiyidwawo. Mu Seputembala 1935 malamulo a ku Nuremberg adalanda Ayuda unzika ndi kuletsa ukwati pakati pa iwo ndi anthu ena a ku Germany. Mu Julayi 1938 mayiko 32 adakumana ku Evian, m'dziko la France, kuti akambirane za Ayuda ofuna kuthawa, koma pafupifupi onse adangopereka mawu achisoni, zitseko zawo zili chitsekere. Chaka chomwecho Mussolini naye adakhazikitsa malamulo osankha Ayuda. Usiku wa pa 9 Novembala 1938 masunagoge mazanamazana a ku Germany ndi ku Austria adatenthedwa, ozimitsa moto akungoteteza nyumba zoyandikana nawo. Amuna pafupifupi 30,000 adatengedwa kupita ku misasa yachibalo, ndipo Ayuda omwewo adalipitsidwa chindapusa cha 1 biliyoni ya ndalama za dzikolo. Pofika 1945 Ayuda pafupifupi 6 miliyoni a m'mayiko a ku Ulaya adali ataphedwa, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo adali ana. Ku msasa wa Auschwitz kokha kudafera anthu pafupifupi 1.1 miliyoni. Ntchito yotereyi munthu mmodzi sangaithe. Idafuna mlembi wolemba mayina, wapolisi wogogoda pakhomo, woyendetsa sitima ndi mnansi wotseka zenera.

Fisiyo sadalekere pa mbuzi za mnansi. Oyamba kutsekeredwa ku msasa wa Dachau mu Malichi 1933 adali andale otsutsa. Pa 2 Meyi mabungwe a anthu apantchito adathetsedwa. Mu Juni 1934 anzake apamtima a Papen, mwini nzeru yomanga Hitler chingwe uja, adaphedwa, iye mwini natsekeredwa m'nyumba mwake. Kuyambira 1939 madokotala adayamba kupha odwala misala ndi olumala, ndipo pofika Ogasiti 1941 oposa 70,000 adali atafa. Anthu a mtundu wa Roma, omwe ankayendayenda m'mayiko a ku Ulaya, nawo adaphedwa ambirimbiri. Akale sadaname ponena kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pali ena amene amadzitonthoza ndi mawu akuti zonsezi zidachitika chifukwa Italy ndi Germany adalibe mwambo wa demokalase wokhazikika, ndi kuti dziko lozolowera zisankho silingagwe motero. Anthu otere ayang'ane France. Dziko limeneli lidapatsa Ayuda unzika wonse kalekale mu 1791. Mu 1894 msilikali wachiyuda, Alfred Dreyfus, adanamiziridwa kuti adagulitsa zinsinsi za asilikali kwa Germany, naponyedwa pachilumba chakutali. Mlembi Émile Zola adalemba kalata yodzudzula akuluakulu a asilikali mu Januwale 1898, ngakhale adadziwa kuti aimbidwa mlandu, ndipo ena adaima naye mpaka Dreyfus adayeretsedwa mu 1906. Pamenepo chilungamo chidapambana chifukwa padapezeka anthu okana kukhala chete. Koma pa 10 Julayi 1940, dzikolo litagonja kwa Germany, aphungu 569 adapereka mphamvu zonse kwa mkulu wa asilikali, Philippe Pétain, okana adali 80 okha. Mu Okutobala chaka chomwecho boma lake lidalemba lokha lamulo losankha Ayuda, a Nazi asadalilamule kutero. Mu Julayi 1942 apolisi a dziko la France ndiwo adagwira Ayuda pafupifupi 13,000 mumzinda wa Paris, ana oposa 4,000 ali momwemo. Ayuda onse otengedwa m'dzikolo adakwana pafupifupi 75,000, ndipo obwerera adali ochepa zedi. Padapita zaka zoposa 50 kuti mtsogoleri wa France, Jacques Chirac, avomere poyera mu 1995 kuti dziko lake lidali ndi mlandu. Mbiri yabwino ya makolo sidateteze mwana ndi mmodzi yemwe.

Tsono yerekezani ndi Belgium. Kumeneko chipani cha Rex cha Léon Degrelle, chotsanzira Mussolini, chidapeza mipando 21 mu 1936 chitangobadwa kumene. Mu Epulo 1937 Degrelle adaima pachisankho chapadera mumzinda wa Brussels pofuna kuonetsa mphamvu zake. Zipani zimene zinkakangana tsiku ndi tsiku, cha Akatolika, cha Liberal, cha Socialist, ngakhale cha chikomyunizimu, zidagwirizana kuima pambuyo pa munthu mmodzi, nduna yaikulu Paul van Zeeland, ndipo mkulu wa mpingo wa Katolika m'dzikomo adadzudzula chipani cha Rex poyera. Van Zeeland adapeza mavoti pafupifupi 76 pa 100 aliwonse, Degrelle 19, ndipo chipanicho chidafota. Belgium nayo idali italawa ulova wa zaka zimenezo. Chosiyana chidali chakuti andale ake, pa tsiku limenelo, adakana kugula mpando ndi fisi.

Ku Denmark, dziko limene lidali m'manja mwa asilikali a Germany kuyambira 1940, mbiri idamveka kumapeto kwa Seputembala 1943 kuti Ayuda agwidwa. Aphunzitsi, anamwino, abusa ndi anthu wamba adawabisa m'nyumba ndi m'zipatala, kenaka asodzi nawaolotsa usiku pa mabwato kupita ku Sweden. Oposa 7,000 adapulumuka, ndipo ogwidwa sadakwane 500. Anthu a ku Denmark sadali angelo. Asodzi ambiri adalipiritsa ulendowo, ndiponso Sweden idali pafupi. Koma mwayi wa kuyandikira ukadakhala wopanda pake anthuwo akadakhala atavomereza kale mumtima kuti Myuda wa ku Copenhagen ndi mlendo. Kuchokera pa mayiko atatuwa tikuona kuti mwambo wa demokalase uli ngati denga laudzu. Ngakhale adalimanga agogo anu mwaluso, mukaleka kulifolera, mvula ya chaka chino ikupezani pamphasa.

Nthawi zina ndimamva achinyamata, atatopa ndi ulova ndi mikangano ya andale, akunena kuti dziko limafuna munthu mmodzi wouma mtima, ndipo amatchula Hitler kuti adamanga misewu nathetsa ulova. Misewu ikuluikuluyo mapulani ake adalipo kale, ndipo wa pakati pa Cologne ndi Bonn udatsekulidwa mu 1932, iye asadalowe m'boma. Ulova udachepa makamaka chifukwa cha kupanga zida zankhondo pa ngongole zobisa, ndi kulemba anyamata usilikali mokakamiza kuyambira 1935. Ngongole yotere njira yoibwezera idali kufunkha basi, poyamba chuma cha Ayuda, kenaka cha mayiko oyandikana. Patatha zaka 12 mizinda ya Germany idali mabwinja, anyamata ake mamiliyoni ali m'manda, ndipo dzikolo lidakhala logawika pawiri mpaka 1990. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Amene amasirira misewu ya Hitler ayambe wafunsa kumene misewuyo idakathera.

Wina angafunse kuti za ku Ulaya zikutikhudza bwanji ife. Zidatikhudza kale. Chiphunzitso chimene chidati Myuda ndi wa magazi oipa chidanyozanso munthu wakuda. Mu 1937 ana mazana angapo a m'chigawo cha Rhineland ku Germany, obadwa kwa amayi akumeneko ndi asilikali a m'mayiko olamulidwa ndi France, ambiri a iwo a ku Africa, adachitidwa opaleshoni mokakamiza kuti asadzabereke. Mussolini adathira nkhondo dziko la Ethiopia mu 1935 nagwiritsa ntchito mpweya wapoizoni pa anthu ake. Makolo athu a m'gulu la King's African Rifles adachoka ku Nyasaland kukamenyana ndi asilikali a Mussolini ku Somaliland ndi ku Ethiopia mu 1940 ndi 1941, ena osabwerera, chonsecho iwo eni adalibe voti kwawo. Ife voti tili nayo, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha ulamuliro wa zipani zambiri. Tikuyenera kudziwa bwino kuposa wina aliyense kuti ufulu woterewu umatha kubwera, umathanso kuchoka.

N'chifukwa chake ndikukupemphani inu ophunzira kuti mukamalemba za Versailles, za kugwa kwa ndalama ndi za ulova, muziwonjezera mayina a otsekula khola: mfumu imene idakana kusayina, oweruza amene adamwetulira woukira boma, Papen ndi nzeru yake ya chingwe, aphungu 444, ndi mnansi amene adatseka zenera. Muzilembanso Matteotti, Wels, Zola ndi asodzi a ku Denmark, kuti mudziwe kuti njira ina idalipo ndipo ena adaitsata. Posachedwa mukhala ovota, ena aphunzitsi, apolisi, alembi a m'maofesi ndi oweruza milandu. Tsiku lina adzaima pamaso panu munthu wodziwa kulankhula, nadzakuuzani kuti umphawi wanu udabwera ndi anthu a mtundu wakuti, a chipembedzo chakuti kapena alendo akuti, ndi kuti mukamupatsa mphamvu zonse athana nawo. Adzakulonjezani kuti inu simudzakhudzidwa. Musadzafunse ngati mumawakonda anthu amene akuwatchulawo. Mudzafunse kuti akatha iwo, khola lidzakhala lili m'manja mwa yani.